Mboni imodzi yodula kapena zinayi zotsika mtengo? Njira zinayi zopangira muyezo wa 10 V wosasunthika

Ndimakonza masikelo a m'mafakitale ndi mamita a magetsi m'kashopu ka malata ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg ku South Africa. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, chisanu chitayera pa magalasi a magalimoto panja, mnyamata wa kwathu ku Ntcheu amene ndikumuphunzitsa ntchito analumikiza mamita awiri pa waya umodzi. Ina inaonetsa 10.0003, inzake 9.9996. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga yonama ndi iti?" Ndinalibe chomuyankha, chifukwa m'shopu monse munalibe kanthu kamene ndikanalumbirira kuti aka ndi ka 10 V yeniyeni.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikumanga timabokosi tosunga muyezo wa voteji, ndipo abale ena ogwira ntchito ngati yangayi ku Booysens ndi ku Kempton Park amandifunsa kawirikawiri kuti ayambire pati. Ambiri amabwera atamva kale kuti ukaphatikiza ma reference (timachip totulutsa voteji yosasunthika) anayi otsika mtengo umaposa imodzi yodula. Nkhaniyo ili ndi mbali yoona ndi mbali yosocheretsa, ndiye ndi bwino kuzisiyanitsa ndalama zisanatuluke m'thumba.

Zoyenera kuyang'ana musanagule kanthu

Muyeso wathu pantchito iyi ndi ppm, gawo limodzi pa magawo miliyoni imodzi. Pa 10 V, ppm imodzi ndi 10 µV (µV ndi gawo limodzi pa magawo miliyoni a volt). Mita yabwino ya manambala asanu ndi limodzi ndi theka (thekalo ndi nambala yoyambirira, imene imangokhala 0 kapena 1), ngati 34401A imene imapezeka m'mashopu ambiri, fakitale imalonjeza kuti pa 10 V sidzalakwitsa kupitirira 40 ppm m'chaka chimodzi. Kuti muipime mwachilungamo, muyezo wanu uzikhala wodalirika kuiposa kanayi kapena kupitirira apo, kutanthauza pansi pa 10 ppm.

Zinthu zinayi zimasuntha voteji ya reference. Choyamba ndi phokoso, kunjenjemera kwa manambala omalizira pa mita, komwe amakuyeza pakati pa 0.1 ndi 10 Hz. Chachiwiri ndi kutentha. Kuno ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, shopu ya malata m'nyengo yozizira imatha kusintha ndi madigiri 15 pakati pa m'mamawa ndi masana. Chachitatu ndi ukalamba: chip imasuntha kwambiri m'maola 1,000 oyamba, omwe ndi masabata asanu ndi limodzi, kenako imayamba kudekha pang'onopang'ono. Chachinayi ndi kusabwerera pamalo. Mukaizimitsa, ikazizira, n'kuiyatsanso, siifika ndendende pomwe inali. Amene tinakhala kuno mu 2022 ndi 2023, magetsi akuzima kawiri kapena katatu pa tsiku, chachinayichi sitichitenga mopepuka.

Lamulo la kuphatikiza ndi ili. Ma reference anayi amadula phokoso pakati. Kuti mulidulenso pakati mufunika 16. Koma lamuloli limagwira pa zolakwa zokhazo zomwe chip iliyonse imalakwa payokha, ina kukwera pomwe inzake ikutsika. Zolakwa zimene onse amalakwira limodzi sizichoka ngakhale muike zana. Ma chip anayi ogulidwa m'paketi imodzi, owotcherera pa bolodi limodzi, opuma chinyezi chimodzi, amakonda kusunthira mbali imodzi. Zili ngati pa bwalo la amfumu: mboni zinayi zochokera m'nyumba imodzi, zogona pa mphasa imodzi, amfumu anzeru amaziwerenga ngati mboni imodzi.

Njira iliyonse m'munsimu ndaiyeza pa mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe ndi zovuta zake.

Njira yoyamba: ma chip ambiri opanda hita, ophatikizidwa pa bolodi limodzi

Awa ndi monga LTC6655 ndi ADR4550, kapena a mtundu wa zener (dayodi yosunga voteji pamalo amodzi) yokwiriridwa mkati mwa silikoni monga LT1021, AD587 ndi REF102. Awiri omalizawa amatulutsa 10 V mwachindunji, chomwe ndi mwayi waukulu monga muonera kutsogoloku. Kalumikizidwe n'kosavuta: chip iliyonse imadutsa pa rezista yakeyake, marezista onse ofanana, n'kukumana pamalo amodzi, pomwe op-amp (chip yokulitsa voteji kapena kuipatsa mphamvu) yosasuntha ngati LTC2057 kapena ADA4522 imatenga voteji n'kuipereka panja.

Mtengo: iyi ndi yotsika kuposa zonse. Ma chip anayi, marezista wamba a 0.1% ndi op-amp imodzi sizingakusowetseni lendi.

Kapezekedwe: osavuta. Kampani yogulitsa zipangizo zamagetsi ya RS ili ndi nthambi kuno ku Midrand, ndipo Mouser ndi DigiKey amatumiza ku South Africa, kungowerengera VAT ya 15% ndi ndalama yonyamulira.

Kasamalidwe: amadya magetsi ochepa zedi, moti batire laling'ono limawasunga oyaka kwa masiku. Safuna kudikirira nthawi yayitali kuti atenthe.

Zovuta: pa phokoso njirayi imachita bwino kwambiri. LTC6655 ili ndi phokoso la 0.25 ppm lokha, ndipo anayi pamodzi amafika pafupi ndi 0.13 ppm, kutsika kuposa LTZ1000 imodzi, chip yodula ya m'njira yachitatu. Vuto lili pa zinazo. Mtundu wabwino wa LTC6655 umaloledwa kusuntha mpaka 2 ppm pa digiri iliyonse, ndiye m'shopu yosintha ndi madigiri 15 mukhoza kutaya mpaka 30 ppm tsiku limodzi lisanathe. Choipa kwambiri ndi chinyezi. Pulasitiki yokuta chip imamwa chinyezi cha m'mpweya, n'kufufuma pang'ono, n'kufinya silikoni ili mkati. Zimatenga masiku kapena masabata kuti zioneke, ndiye simungazigwire pa tsiku limodzi loyeza. Kuno mvula ya mabingu imayamba cha mu Okutobala, pomwe Juni ndi Julayi mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka. Bolodi langa loyamba linali la ma chip asanu ndi atatu a pulasitiki. M'kope langa voteji yake inkayenda ndi nyengo, kupita mbali imodzi dzinja likafika, kubwerera chilimwe, ma chip onse asanu ndi atatu limodzi. Ngati mwasankha njira iyi, lipirani zoonjezera mugule a m'chikuto cha seramiki kapena cha chitsulo chotsekeratu mpweya, monga LTC6655 ya LS8, ndipo mucheke timipata pa bolodi mozungulira chip kuti kupindika kwa bolodi kusaifikire.

Ena amasanjikiza ma chip awiri a 5 V, ina pamwamba pa inzake, kuti apeze 10 V popanda marezista okweza voteji. Zimatheka, ndipo phokoso limatsikanso pang'ono, koma yapamwambayo imafuna kuidyetsa magetsi mwaluso, ndipo chinyezi ndi kutentha zimaigwira chimodzimodzi.

Njira yachiwiri: ma LM399 kapena ADR1399 anayi

LM399 ndi kachitini kakang'ono ka miyendo inayi kovala chipewa cha pulasitiki. Inayamba kupangidwa ndi National Semiconductor m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero imachokera ku Analog Devices, amene anagula Linear Technology mu 2017. Mkati mwake muli zener ya 6.95 V ndi hita yomwe imasunga silikoni pa madigiri pafupifupi 90, kaya panja kwazizira kaya kwatentha. N'chifukwa chake pepala la fakitale limaika kusuntha kwake pa 0.3 ppm pa digiri nthawi zambiri. Ndi imeneyi ili mu 34401A. ADR1399 ndi mdzukulu wake: 7.05 V, miyendo yofanana, phokoso lotsika kwambiri, koma imafuna karenti yochulukirapo, pafupifupi 3 mA, ndiponso rezista ya ma ohm 5 ndi kapasita ya 1 µF pakamwa pake kuti isanjenjemere.

Mtengo: wapakatikati. Anayi pamodzi amafanana kapena kuyandikira mtengo wa LTZ1000 imodzi, koma safuna marezista odula owazungulira.

Kapezekedwe: amapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka, ngakhale nthawi zina amatha n'kukudikiritsani. Pa misika ya pa intaneti pali ambiri otchipa, ena ozulidwa m'mamita akale, ena achinyengo. Ndinagulapo khumi kwa wogulitsa wina wakunja. Atatu hita yake sinatenthe n'komwe, chala chinkangomva chitini chozizira. Koma pa otsalawo panali awiri akale enieni, miyendo yaifupi yokhala ndi zipsera za mtovu, ndipo ndi amene akhazikika kuposa onse amene ndili nawo, poti ukalamba wawo anaumalizira m'mita ya munthu wina. Kugula kotere ndi mwayi, ndipo kumafuna kuti mukhale ndi chopimira.

Kasamalidwe: hita iliyonse imadya pafupifupi kotala ya watt, ndipo pongoyatsa imakoka karenti yambiri kwa kanthawi, ndiye regyuleta yanu ikhale yokwanira. Mabatire awiri a 12 V 7 Ah, omwe aja timaika pa mota ya geti ndi pa alamu, olumikizidwa kuti apereke 24 V n'kutsitsidwa kufika pa 15 V, amasunga bokosi lonse loyaka tsiku lathunthu mosavutika. Musadyetse hita molunjika kuchokera ku batire, chifukwa voteji ya hita ikamatsika muyezo nawonso umasuntha pang'ono. Bokosi lizikhala mbali imodzimodziyo nthawi zonse. LM399 mukaigoneka cham'mbali kutentha kumayenda mosiyana mkati mwake, ndipo mita yabwino imakuonetsani.

Zovuta: LM399 ina ndi ina imakhala ndi chizolowezi chodumpha. Imakhala chete kwa maola, kenako mwadzidzidzi yakwera ndi ma µV angapo, n'kubwereranso. Apa ndi pomwe kuphatikiza kumathandizadi, chifukwa kudumpha kwa imodzi kumagawidwa kanayi. Komabe ndi bwino kugula sikisi kapena eyiti, kuwayatsa onse kwa masabata asanu ndi limodzi, n'kupatula odumphawo musanawotcherere. Chinanso, ma LM399 safanana voteji. Awiri akhoza kusiyana ndi 100 mV kapena kuposa. Kusiyanaku kumagwera pa marezista ophatikizira, ndiye rezista imodzi ikasuntha ndi 100 ppm pomwe chip yake yatalikira anzake ndi 100 mV, voteji yophatikizidwa imasuntha ndi ma µV awiri ndi theka, gawo limodzi mwa magawo atatu a ppm. Si zoopsa, koma zikutanthauza kuti marezista a kaboni ochotsa mu wailesi yakale asayandikire pamenepa. Ikani a mtundu wa thin film okhala m'paketi imodzi.

Apa ndiime kaye pa nkhani imene imagwetsa anthu ambiri, ndipo ikukhudza njira iyi ndi yotsatirayo. Zener imapereka 7 V, inu mukufuna 10 V. Kukweza kumeneku kumachitika ndi op-amp ndi marezista awiri, ndipo marezista amenewo akasiyana kayendedwe ndi 10 ppm, 10 V yanu yasuntha ndi 3 ppm. Ndaonapo munthu ataika ndalama zake zonse pa ma zener abwino, n'kumalizira ndi marezista awiri wamba osuntha 25 ppm pa digiri. Bokosi lake linkatsatira dzuwa ngati mpendadzuwa. Njira zochitira zilipo zingapo. LT5400 ili ndi marezista anayi pa kachidutswa kamodzi, otentha ndi kukalamba limodzi. Marezista a foil a Vishay otsekedwa m'chitini ndi abwino zedi koma odula, ndipo ena amachita kuoda n'kudikira miyezi. Mukhozanso kutenga paketi ya marezista asanu ndi atatu ofanana n'kuwasanja mosakaniza kuti zolakwa zawo zidyane. Kapena mungosiya 7 V monga ilili, mulembe voteji yake yeniyeni pa bokosi, chifukwa mita imapimika bwinobwino pa 7 V. Ine m'mabokosi anga ndimatulutsa zonse ziwiri panja, 7 V ndi 10 V, kuti ndizitha kuona ngati wasuntha ndi zener kapena ndi marezista.

Njira yachitatu: LTZ1000 imodzi yomangidwa bwino

Iyi ndi imene ili mumtima mwa 3458A, mita ya manambala asanu ndi atatu ndi theka yomwe Hewlett-Packard anatulutsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo ikugulitsidwabe ndi Keysight. Imapereka pafupifupi 7.2 V, phokoso la 1.2 µV, ndipo ikamangidwa moyenera imasuntha 0.05 ppm pa digiri. M'shopu yathu ya madigiri 15 ija, zimenezo sizikwana ppm imodzi. ADR1000 ndi mtundu watsopano wa 6.62 V wokhala ndi phokoso lotsikirapo, koma uli ndi zaka zochepa m'manja mwa anthu poyerekeza ndi LTZ1000.

Mtengo: chip yokha ndi yodula kangapo kuposa LM399, ndipo si yokhayo. Mkati mwake muli zener, hita ndi matransista awiri basi. Zina zonse mumamanga nokha: op-amp ya LT1013 ndi marezista asanu ofunika, 120 ohm yoika karenti ya zener, awiri a 70k, ndi 13k ndi 1k oika kutentha kwa uvuni wake, kutanthauza mkati mwa chip momwe hita imatenthetsa. Marezistawa akakhala a mtundu wabwino akhoza kudya ndalama zofanana ndi chip.

Kapezekedwe: pa shelufu ya sitolo ya zamagetsi m'tauni muno simungaiyembekezere, ndi yochita kuitanitsa. Iyi yokha musagule kwa munthu wosadziwika. Ndalama zake n'zambiri, ndipo yachinyengo simungaizindikire popanda mita yoiposa.

Kasamalidwe: imafuna kukhala yoyaka usana ndi usiku, ndi batire kumbuyo kwake. Mu 3458A anaiika pa madigiri pafupifupi 95 kuti mita igwire ntchito ngakhale m'malo otentha, koma kutentha kotero kumaikalambitsa msanga. Ndi 13k ndi 1k imakhala cha m'ma 60, ndipo ukalamba umachepa kwambiri. Musatsitse mopitirira, makamaka pa LTZ1000A imene imasunga kutentha kwake kwambiri, chifukwa masana a Disembala pansi pa malata mkati mwa bokosi mumatentha, ndipo uvuni ukapezeka kuti wazizira kuposa mpweya wouzungulira umasiya kulamulira.

Zovuta: chomwe chimakondweretsa pa chip iyi n'choti marezista ake amakhululukidwa. Ya 120 ohm ikasuntha ndi 100 ppm, voteji imasuntha ndi ppm imodzi yokha. Chosakhululukidwa ndi mphepo. Miyendo yake ndi ya chitsulo cha Kovar, ndipo pomwe Kovar yakumana ndi kopa wa bolodi pamabadwa 35 µV pa digiri iliyonse. Mwendo umodzi ukatentha kuposa unzake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri, mwataya theka la ppm. Usiku wina ndinakhala ndikuyang'ana manambala akukwera ndi kutsika pa mphindi zingapo zilizonse, mpaka ndinazindikira kuti ndi mphepo yolowera pansi pa chitseko. Ndinaphimba chip ndi kachivundikiro ka botolo pamwamba, pansi pa bolodi n'kuikapo thonje, manambala n'kukhala bata. Imamvanso msanga mafunde a foni ndi a ma inverter omwe adzaza m'nyumba zathu masiku ano, ndiye ikhale m'bokosi lachitsulo. Kukhudzitsa waya wake pansi kwa kamphindi, kapena hita kuthawa n'kutentha mopitirira, kukhoza kuisuntha osabwereranso. Ndipo vuto lalikulu ndi lomwe lija la mnyamata wa ku Ntcheu: ili yokha. Tsiku limene idzasunthe, palibe wodzakuuzani.

Njira yachinayi: mabokosi atatu kapena anayi oima paokha, oyerekezedwa pa pepala

Njira iyi sisankha chip. Mukhoza kumanga ndi LM399, ADR1399, LTZ1000 kapena kusakaniza. Chosiyana n'choti simuphatikiza mawaya. Reference iliyonse ili ndi bokosi lake, batire lake ndi 10 V yakeyake, ndipo kuphatikiza mumachita ndi cholembera. Ndi mmene ma labotale akale ankasungira volt ndi magulu a ma cell a Weston, timabatire tapadera ta 1.018 V, ndipo Fluke 734A ndi shelufu chabe yosungamo mabokosi anayi a muyezo wa 10 V otchedwa 732B, lililonse lodziimira. Bokosi la Datron 4910 linali ndi ma reference anayi osiyana pamodzi ndi potulukira pena popereka avereji yawo.

Ubwino wake ndi uwu. Mukalumikiza mbali za negative za mabokosi awiri n'kuika mita pakati pa ma positive awo, mukuyeza kusiyana kokha, mwina ma µV mazana angapo. Pa renji ya 100 mV, 34401A imaona mpaka 0.1 µV, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo zana a ppm pa 10 V. Mita yomwe payokha singakuuzeni 10 V molondola kuposa 40 ppm yasanduka chida choona kusuntha kochepetsetsa. Yezani kawiri, kachiwiri mutatembenuza mawaya, kuti voteji yobadwa pa zolumikizira idyane. Mawaya akhale a kopa weniweni, opalidwa bwino, chifukwa dzimbiri la kopa limabala voteji yochuluka kwambiri pa digiri iliyonse.

Mabokosi awiri amangokuuzani kuti pali amene wasuntha. Atatu amakulozerani kuti ndi uyu. M'bolodi lophatikizidwa ndi mawaya, chip imodzi ikadwala imakoka avereji mwakachetechete, inu osadziwa. Apa mumaiona sabata yomweyo n'kuichotsa m'gulu.

Mtengo: wokwera kuposa zonse mukawerengera mabokosi, zolumikizira za kopa, marezista okwezera voteji a bokosi lililonse ndi mabatire. Koma simulipira tsiku limodzi. Mumamanga limodzi chaka chino, lina chaka chamawa, ndipo kutero n'kwabwino kuposa kugula onse pamodzi, poti ma chip a zaka zosiyana sakalamba mofanana. 732B yogwiritsidwapo kale ntchito, imene fakitale imailonjeza 2 ppm pa chaka, imapezeka mwa apo ndi apo, koma mtengo wake ndi wa kampani, osati wa munthu wotumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse.

Kapezekedwe: monga mwa chip imene mwasankha. Langizo langa ndi kusakaniza mitundu, mwachitsanzo LTZ1000 imodzi ndi ma ADR1399 awiri, kuti mboni zisachokere m'nyumba imodzi.

Kasamalidwe: apa ndi pomwe pali ntchito. Sabata iliyonse, tsiku lomwelo ndi ola lomwelo, mumayeza A ndi B, B ndi C, C ndi A, n'kulemba pamodzi ndi kutentha ndi chinyezi cha m'chipinda. Manambala atatuwo mukawawonkhetsa azipereka pafupifupi ziro, akapanda kutero ndiye kuti mwalakwitsa poyeza. Ine ndimachita Loweruka m'mawa ndisanatsegule chitseko chachikulu, ndipo mnyamata uja ndi amene amasunga kope. Mabatire a geti amafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, asintheni limodzilimodzi bokosi lili pa magetsi.

Zovuta: gulu lonse likhoza kutsetsereka limodzi, inu n'kumaona ngati zonse zili bwino. Mankhwala ake ndi amodzi: kamodzi pa chaka bokosi limodzi lipite kokapimitsa. Muyezo wa dziko lino umasungidwa ndi NMISA, bungwe la boma la miyezo, ku Pretoria, ndipo ma labotale ovomerezedwa ndi SANAS, bungwe lovomereza ma labotale, pansi pa malamulo a ma labotale a ISO/IEC 17025, amatenga muyezo wawo kuchokera kumeneko. Musanapereke ndalama, pemphani kuona pepala lawo la SANAS pa mzere wa 10 V DC. Labotale imene kukayika kwake kuli 20 ppm singakuthandizeni kuona bokosi losuntha 3 ppm pa chaka. Bokosi lipite loyaka pa batire, ndipo muliyerekeze ndi anzake lisananyamuke ndiponso likabwerako, kuti mudziwe ngati msewu wa N1 walisuntha. Satifiketi yoyamba imangokupatsani nambala. Yachiwiri ndi yachitatu ndi zimene zimakuonetsani kumene bokosi likulowera ndi liwiro lake, ndipo mukatero mumatha kulosera voteji yake ya mwezi uliwonse. Choopsa china ndi mphezi za kuno ku Highveld. Mabokosi onse akakhala pa soketi imodzi, ching'aning'ani chimodzi cha mu Novembala chikhoza kufafaniza mbiri ya zaka zitatu. Mitambo ikayamba kuda cha kumadzulo, ine ndimazula mapulagi n'kuwasiya pa batire.

Njira iti kwa ndani

Ngati ntchito yanu ndi mafoni, ma TV, ma inverter ndi ma charger, ndipo mita yanu ndi ya m'manja, musavutike ndi kuphatikiza. AD587 kapena REF102 imodzi m'kabokosi, yoyezedwa kamodzi pa mita yabwino ya mnzanu n'kulembedwa nambala pamwamba, yakwana ndi kutsala.

Ngati chimene mukulimbana nacho ndi phokoso, monga kudyetsa ADC (chip yosandutsa voteji kukhala manambala) ya ma bit 24 kapena kuyeza load cell (kachipangizo komva kulemera) ya sikelo imene imangotulutsa 20 mV ikadzaza, ndipo kuyeza kwanu kumatha m'mphindi zochepa, tengani njira yoyamba ndi ma LTC6655 anayi a seramiki. Musaitenge ngati muyezo wa chaka chonse.

Ngati muli ndi mita ya manambala asanu ndi theka kapena asanu ndi limodzi ndi theka ndipo mukufuna bokosi limodzi lodalirika popanda kulowa m'ngongole, ma ADR1399 anayi ndi amene ndingakusankhireni. Ikani timapini toyezera pa chip iliyonse marezista ophatikizira asanafike, kuti muzitha kuwayerekeza okhaokha. Mukatero mwapeza theka la ubwino wa njira yachinayi m'bokosi limodzi.

Ngati manja anu azolowera ntchito yosamala, muli ndi malo osawomba mphepo komanso labotale yabwino yokapimitsako chaka ndi chaka, LTZ1000 imodzi idzaposa ma LM399 anayi pa kutentha ndi pa ukalamba. Popanda kopimitsa, mwalipira ubwino umene simudzauona.

Ngati mumasainira ntchito ya makasitomala, kapena mukulota zodzatsegula shopu yopima zida, yambani njira yachinayi lero ndi bokosi limodzi, chifukwa chimene mukumanga ndi kope la mbiri, ndipo limafuna zaka.

Kwa abale amene mukukonzekera kubwerera kumudzi ndi zida zanu, ganizirani za ulendo. Basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza imatha masiku awiri kapena kuposa malinga ndi mizere ya pa malire, ndipo kosungira katundu pansi pa basi kumatentha koopsa podutsa chigwa cha Zambezi. Batire la mkati mwa 732B analipanga la maola 72 kaamba ka maulendo ngati amenewa. Lanu likhale lokwanira chimodzimodzi, bokosi likhale pamiyendo panu osati pansi pa matumba a katundu, ndipo munyamule awiri. Pimitsani limodzi sabata yomaliza musananyamuke, lembani kusiyana kwa awiriwo usiku wonyamukira, ndipo mukafika ku Blantyre kapena ku Lilongwe muwasiye apume masiku atatu musanayezenso.